NDANI ASANKHA OSANKHIDWA? MKANGANO WA NDIME 45 KU HONG KONG

Pa 18 Juni 2015 m'Nyumba ya Malamulo ya ku Hong Kong mudachitika zinthu zimene munthu akazimva koyamba zimamuzunguza mutu. Boma lidabweretsa bilu yakuti anthu onse akuluakulu a mumzindawo, okwana ngati 5 miliyoni, aziponya voti posankha mtsogoleri wao. Amene adaikana biluyo ndi aphungu omwe adakhala akumenyera ufulu woponya voti, ena a iwo kwa zaka pafupifupi 30. Amene ankaifuna ndi aphungu ogwirizana ndi boma la China, lomwe kwao silichititsa chisankho cha zipani zopikisana. Kodi wanjala angakane bwanji nsima imene wakhala akuilirira? M'nkhani ino ndifuna kulondola mkanganowu kuchokera kumene udayambira, chifukwa m'mene ndikuonera ine, pofika 2015 funso loti aponye voti ndani lidali litatha kale. Chimene chidatsala ndi funso loti maina olembedwa pa pepala loponyera voti aikepo ndani.

Tiyambire kumbuyo. Angerezi adalanda chilumba cha Hong Kong, kugombe la kummwera kwa China, pa nkhondo yolimbirana malonda a opiyamu, ndipo pangano la ku Nanking la m'chaka cha 1842 lidachipereka kwa iwo mpaka muyaya. Mu 1860 adaonjezapo Kowloon. Mu 1898 adabwereka chigawo chachikulu cha kumtunda, chotchedwa New Territories, kwa zaka 99, kotero kuti mu 1997 adayenera kuchibweza. M'zaka zonsezi mudalamula abwanamkubwa 28, ndipo monga zidalili kuno kwathu pa nthawi ya atsamunda, onse ankachita kutumizidwa kuchokera ku London. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Bwanamkubwa Mark Young adaganiza zopatsa eni mzinda gawo pa kayendetsedwe ka zinthu, koma maganizo akewo adakwiriridwa mu 1952, pa nthawi ya Alexander Grantham. Mu 1976, pamene Britain idavomera pangano la United Nations lonena za ufulu wa anthu pa ndale, idalembetsa kuti ndime ya chisankho isaikakamize kukhazikitsa nyumba ya malamulo yosankhidwa ku Hong Kong. Anthu adayamba kusankha aphungu mwachindunji mu 1991, ndipo pa mipando 60 adaloledwa kusankha 18 yokha. Bwanamkubwa wotsiriza, Chris Patten, adayesa kukuza chiwerengero cha oponya voti pa chisankho cha 1995, koma China idapasula nyumba imeneyo itangolandira mzindawo. Ndatchula izi dala, kuti wina asaganize kuti Angerezi adasiya ufulu wathunthu umene China idadzalanda. Adali ndi zaka zoposa 150, koma adayamba liwiro dzuwa litapendeka kale.

Mu Seputembala 1982 Margaret Thatcher adapita ku Beijing kukakumana ndi Deng Xiaoping, ndipo Deng adakana kwamtuwagalu ganizo lakuti Angerezi apitirize kuyendetsa Hong Kong itadutsa 1997. Patatha zaka ziwiri zokambirana, pa 19 Disembala 1984, Thatcher ndi Zhao Ziyang adasaina pangano lotchedwa Joint Declaration. Adagwirizana kuti dera lonse lidzabwerera ku China pa 1 Julayi 1997, koma lidzasunga makhoti ake, ndalama yake, malonda ake ndi ufulu wolankhula kwa zaka 50, mpaka 2047. Deng adaitcha njira imeneyi kuti dziko limodzi, machitidwe awiri. Eni ake a Hong Kong sadakhale nawo pa zokambiranazo ngati mbali yoima payokha. Pa nkhani ya mtsogoleri, panganolo lidati boma la ku Beijing lidzamuika pa mpando potsatira zotuluka pa chisankho kapena pa zokambirana zochitikira ku Hong Kong komweko. Taonani liu lakuti "kapena". Mbali ziwirizo zidalephera kumvana, tsono zidapeza liu lotakata lakuti aliyense alowemo ndi tanthauzo lake. Komatu mlandu suola.

Ntchito yolemba malamulo aakulu oyendetsera Hong Kong, otchedwa Basic Law, idayamba mu 1985. Komiti yolemba idali ndi anthu 59, ndipo 23 okha ndiwo adali a ku Hong Kong. Pakati pao padali loya Martin Lee ndi mtsogoleri wa bungwe la aphunzitsi Szeto Wah, amene ankalimbikira chisankho cha anthu onse. Ntchito ili m'kati, mu 1989, ophunzira a ku Beijing adasonkhana pa bwalo la Tiananmen, ndipo anthu ngati miliyoni imodzi adayenda m'miseu ya Hong Kong powachirikiza. Asilikali atapha anthu ku Beijing pa 4 Juni, Lee ndi Szeto adadzudzula boma poyera ndipo adachotsedwa m'komitimo. Kuyambira pamenepo atsogoleri a China ankauona mzindawo ngati malo amene adani a chipani cha Chikomyunizimu angathe kubisalamo. Malamulowo adavomerezedwa pa 4 Epulo 1990, mantha amenewa adakali m'mitima.

Ndime 45 ya malamulowo ndiyo phata la nkhani yathu. Imanena zinthu zitatu. Choyamba, mtsogoleri, amene udindo wake umatchedwa Chief Executive, adzapezeka pa chisankho kapena pa zokambirana, ndipo boma la ku Beijing ndilo lidzamuika pa mpando. Chachiwiri, njira yosankhira idzasintha pang'onopang'ono ndi mwadongosolo, malinga ndi m'mene zinthu zilili ku Hong Kong. Chachitatu, cholinga chotsiriza nchakuti mtsogoleriyo azidzasankhidwa ndi anthu onse, dzina lake litaperekedwa ndi komiti yoimira magulu ambiri a anthu, motsata njira za demokalase. Kunena zoona, apa China idalonjeza chinthu chimene ngakhale pangano la 1984 silidatchule, ndipo chimene Britain sidaperekepo. Koma lonjezolo lidalibe tsiku. Silidanene kuti komiti yoimira magulu ambiri ndi yotani, kapena kuti munthu afunika mavoti angati m'komitimo kuti dzina lake lituluke. Zoonjezera za kumapeto kwa malamulowo zidangoti ikadzadutsa 2007 njirayo ingathe kusinthidwa ngati magawo awiri mwa atatu a aphungu avomera, mtsogoleri avomera, ndipo kabungwe kokhazikika ka Nyumba ya Malamulo ya ku Beijing katsimikiza. Pamwamba pa zonsezi, Ndime 158 idapatsa kabungwe komweko mphamvu yomasulira malamulo onsewo. Ndiye kuti wolonjeza ndi yemweyo adzanene tanthauzo la lonjezo lake.

Podikira tsiku losatchulidwalo, mtsogoleri ankasankhidwa ndi komiti. Woyamba, Tung Chee-hwa, mwini kampani ya zombo zapanyanja, adapeza mavoti 320 m'komiti ya anthu 400 mu Disembala 1996. Komitiyo idakula nkufika pa 800, kenaka pa 1,200. Tiimvetse bwino komiti ya 1,200 imeneyi, pakuti ndiyo idadzagawanitsa mzinda. Idali ndi zigawo zinayi za mipando 300 chilichonse: amalonda ndi mabanki, anthu a ntchito zophunzirira monga madokotala, maloya ndi aphunzitsi, mabungwe a antchito, a chipembedzo, a chisamaliro cha anthu ndi a ulimi, ndiponso andale, kuphatikizapo aphungu ndi nthumwi za Hong Kong ku misonkhano ya ku Beijing. Ololedwa kusankha mamembala ake adali osapitirira 250,000 mumzinda wa anthu oposa 7 miliyoni, ndipo m'magulu ena woponya voti sadali munthu koma kampani. Gulu la alimi ndi asodzi, mumzinda umene ulimi uli wochepa zedi, lidali ndi mipando 60 yosankhidwa ndi mabungwe osafika 200, pamene aphunzitsi zikwizikwi a m'masukulu adali ndi mipando 30. Popeza amalonda ambiri chuma chao chidali ku China, komitiyo nthawi zonse inkapendekera kumene Beijing yaloza.

Pa 1 Julayi 2003 anthu ngati 500,000 adayenda mumseu kukana bilu ya chitetezo cha dziko imene boma la Tung lidabweretsa potsata Ndime 23. Biluyo idachotsedwa, ndipo anthu, ataona mphamvu zao, adayamba kuitanitsa chisankho cha onse mu 2007. Yankho lidabwera msanga. Pa 6 Epulo 2004 kabungwe ka ku Beijing kadamasulira malamulo ndi kuonjeza makwerero awiri patsogolo pa atatu aja: mtsogoleri ayambe walembera ku Beijing, ndipo Beijing inene ngati kusintha kuli kofunika. Mphamvu yotsimikiza kumapeto idasanduka mphamvu yotsekula kapena kutseka khomo pachiyambi. Pa 26 Epulo kabungweko kadagamula kuti mu 2007 sipadzakhala chisankho cha anthu onse.

Zaka zotsatira zidali zokokanakokana. Mu Disembala 2005 aphungu a demokalase adakana kusintha kochepa kumene Donald Tsang, wolowa m'malo mwa Tung, adabweretsa, chifukwa kudalibe tsiku la chisankho cha onse. Pa 29 Disembala 2007 Beijing idatchula tsikulo: chisankho cha 2017 chingathe kukhala cha anthu onse. Mu 2010 chipani cha Democratic Party chidakambirana ndi nthumwi za Beijing nkuvomera kusintha kwina kochepa, ndipo achinyamata ambiri adachitcha chogulitsa anzake. Chinthu chimodzi cha m'zaka zimenezi tichisunge. Kuti munthu apikisane nawo, ankangofunika kuchirikizidwa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a komiti. Nchifukwa chake Alan Leong wa mbali ya demokalase adaima mu 2007 napeza mavoti 123 pamene Tsang adapeza 649, ndipo Albert Ho adaima mu 2012 napeza 76 pamene Leung Chun-ying adapambana ndi 689. Otsutsa sakadapambana, koma ankaima ndi kulankhula pa wailesi yakanema dziko lonse likumva. Leung uja anthu adangomutcha dzina lakuti 689, pomukumbutsa kuchepa kwa amene adamusankha.

Pamene 2017 inkayandikira, aliyense adatembenukira ku theka lachiwiri la chiganizo cha mu Ndime 45. Mu Janyuwale 2013 Benny Tai, mphunzitsi wa malamulo pa University of Hong Kong, adalemba m'nyuzipepala kuti ngati boma silipereka chisankho chenicheni, anthu akakhale pansi mwamtendere m'miseu ya ku Central, kumene kuli mabanki, mpaka ntchito ziime. Adagwirizana naye Chan Kin-man, mphunzitsi mnzake wa ku yunivesite ina, ndi mbusa Chu Yiu-ming. Mu Juni 2014 gulu lao lidachititsa voti yosavomerezedwa ndi boma, ndipo anthu pafupifupi 800,000 adaponya. Njira zitatu zonse zimene adasankhapo zidali ndi mfundo yakuti anthu wamba, akasaina ochuluka, athe kupereka dzina la wopikisana. Boma lidati zimenezo nzosemphana ndi Ndime 45, imene imatchula komiti yokha. Pa mfundo iyi boma silidaname, ndipo ngakhale bungwe la maloya la Bar Association lidaona chimodzimodzi. Koma a demokalase adali ndi mfundo yaonso yolimba. Ndime 39 ya malamulo omwewo imasunga pangano la United Nations lija, limene limati nzika ili ndi ufulu wosankha ndiponso wosankhidwa popanda zoletsa zopanda pake. Boma poyankha lidatulutsa chikalata chija Angerezi adalembetsa mu 1976. Chishango cha atsamunda chidagwira ntchito m'manja mwa amene adawalowa m'malo.

Pakati pa mbali ziwirizi padali malo okwanira kumvana. Komiti ikadatha kukhalapo koma yosankhidwa ndi anthu ochuluka, kapena chiwerengero chofunika kuti dzina lituluke chikadasiyidwa pa mavoti 150 monga kale. Anthu odekha a mbali zonse adapereka maganizo otere. Koma pa 31 Ogasiti 2014 kabungwe ka ku Beijing kadatseka mipata yonseyi. Kadagamula kuti komiti yopereka maina idzafanana ndi ya 1,200 ija pa kukula ndi pa kapangidwe. Kuti opikisana adzakhala awiri kapena atatu basi. Kuti aliyense wa iwo adzafunika mavoti oposa theka la komiti yonse. Ndiponso kuti mtsogoleri ayenera kukhala wokonda dziko la China ndi Hong Kong. Masamu ake ngosavuta. Khomo limene linkatsekuka ndi mavoti 150 tsopano lidafuna 601, m'komiti imene a demokalase sadayandikireko theka ndi kale lonse. Leong ndi Ho, amene adaima pamene anthu wamba sankaponya voti, sakadaimanso pamene anthu wamba adapatsidwa voti. Beijing sidabise chifukwa chake: popeza iyo ndiyo imaika mtsogoleri pa mpando, sidafune kudzapezeka ikukana munthu amene mamiliyoni amusankha kale. Kunali kwapafupi kumukana asadafike pa pepala.

Ophunzira adanyanyala makalasi pa 22 Seputembala. Usiku wa pa 26 ena a iwo, motsogozedwa ndi Joshua Wong wa zaka 17, adalumpha mpanda wa bwalo la ku likulu la boma. Pa 28 apolisi adaponya mabomba 87 a utsi wokhetsa misozi, ndipo m'malo mothawa anthu adachulukirachulukira, atanyamula maambulera odzitchinjirizira ku madzi a tsabola. Adamanga mahema m'miseu ya ku Admiralty, Mong Kok ndi Causeway Bay kwa masiku 79. Pa 21 Okutobala atsogoleri a ophunzira adakambirana ndi Carrie Lam, wachiwiri kwa Leung, pa wailesi yakanema, koma sipadatuluke kanthu. Masiku omwewo Leung adauza atolankhani akunja kuti anthu wamba akaloledwa kupereka maina, ndale zidzatsata zofuna za theka la anthu amene amalandira malipiro ochepa. Apa adaulula kuti komiti ija sinkateteza Beijing yokha. Inkatetezanso olemera a mumzinda momwemo. Pa 15 Disembala apolisi adachotsa mahema otsiriza, chigamulo cha pa 31 Ogasiti chili chilili.

Tsono boma lidayamba kukopa anthu ndi mau akuti landirani kaye chimene chilipo, zina zidzakonzedwa m'tsogolo. Kwathu kuno tikadati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Mfundoyi sidali yopusa. Munthu wofuna mavoti a mamiliyoni, ngakhale atachita kusefedwa, ayenera kupita kumisika ndi kumvera madandaulo a osauka, chinthu chimene wosankhidwa ndi anthu 1,200 sachita. Otsutsa adayankha kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Adati biluyo ikadutsa, Beijing idzanena kuti cholinga chotsiriza cha Ndime 45 chakwaniritsidwa ndipo palibenso ngongole. Ndiponso mtsogoleri wosefedwayo adzalamula monyadira kuti adasankhidwa ndi anthu. Anthu a mumzinda adagawikana, mbali iliyonse ili ndi oichirikiza ambiri.

Biluyo inkafuna aphungu 47 mwa 70, ndipo a demokalase 27 adali okwanira kuigwetsa. Koma tsiku la voti lidathera m'manyazi ena. Patatsala kanthawi kochepa kuti aponye, aphungu oposa 30 a mbali ya boma adatuluka m'nyumbamo pofuna kuimitsa zokambirana kuti adikire mnzao wokalamba, Lau Wong-fat, amene adachedwa. Sadauzane bwino, ena adatsalira, ndipo voti idachitika. Okana adali 28, ovomera 8 okha.

Zotsatira zake zidayenda mofulumira. Mu 2017 komiti idasankha Carrie Lam ndi mavoti 777, ngakhale kuti kafukufuku wa maganizo a anthu ankaonetsa kuti John Tsang, amene adapeza 365, ndiye ankakondedwa. Mu 2019 bilu yotumiza oganiziridwa milandu ku China idautsa zionetsero zazikulu kuposa zonse zakale, zina zachiwawa, ndipo chisankho cha anthu onse chidali chimodzi mwa zinthu zisanu zimene ochita zionetsero ankafuna. Pa chisankho cha makhansala mu Novembala chaka chomwecho, anthu 71 mwa 100 alionse olembetsa adaponya voti ndipo a demokalase adatenga mipando yochuluka kwambiri. Pa 30 Juni 2020 Beijing idakhazikitsa lamulo la chitetezo cha dziko. Mu 2021 anthu 47 adaimbidwa mlandu chifukwa cha chisankho chachipulula chimene otsutsa adachititsa, ndipo mu Novembala 2024 khoti lidagamula kuti Benny Tai akhale m'ndende zaka 10. Mu Malichi 2021 komiti idakuzidwa nkufika pa 1,500, mipando ya aphungu osankhidwa mwachindunji idatsika kuchoka pa 35 mwa 70 kufika pa 20 mwa 90, ndipo padakhazikitsidwa komiti inanso yofufuza ngati wopikisana ali wokonda dziko. Mu Meyi 2022 John Lee, amene kale adali wachiwiri kwa mkulu wa apolisi, adaima yekha napeza mavoti 1,416.

Poona zonsezi, alipo amene amati aphungu 28 aja adataya fodya wa pamphuno. Ine sindigwirizana nawo. Chimene chidachitika mu 2021 chidaonetsa kuti Beijing ingathe kulembanso malamulo a chisankho tsiku lililonse imene yafuna, popanda kufunsa aphungu a ku Hong Kong za magawo awiri mwa atatu aja. Mphamvu imeneyo ikadakhalapobe ngakhale biluyo ikadadutsa, pakuti idachokera m'malamulo a 1990 ndi m'kumasulira kwa 2004. Fodyayo sadafike pamphuno ndi kale lomwe. Adali pachala cha mwini wake. Komanso sindinganene kuti okanawo adapindula kanthu. Adakana kutcha chisankho chinthu chimene sichidali chisankho, ndipo mtengo wake adaulipira ndi mipando yao, ena ndi ufulu wao.

Cholakwa chachikulu ndimachiona mu 1984 ndi mu 1990, pamene anthu ochenjera a ku London ndi a ku Beijing adalemba lonjezo lopanda tsiku, lokhala ndi mau otanthauza pawiri, nasiya kiyi wa tanthauzo lake m'thumba la mbali imodzi, eni mzinda ali panja. Mbali yofooka idawerenga mau akuti "anthu onse" ndipo idakhulupirira. Mbali yamphamvu idawerenga mau akuti "komiti" ndipo idadekha. Onse ankawerenga chiganizo chimodzi. Ife ophunzira mbiri, tikamva kuti kwakutikwakuti anthu apatsidwa voti, tisafulumire kuomba m'manja tisadafunse kuti maina a pa pepala aikapo ndani, ndiponso kuti pakabuka mkangano adzamasulira lamulo ndani. Ndime 45 sidafufutidwe. Mau ake onena za chisankho cha anthu onse akali momwemo m'malamulo a Hong Kong monga adalembedwera mu 1990, ndipo zaka 50 zija zidzatha mu 2047.